Ngodya Imene Sindinayeze

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa maliro. Nditamaliza maphunziro a zomangamanga ndinakhala chaka chathunthu kwathu ku Dedza ndikungoŵerenga malata. Pa maliro a azakhali ndinakumana ndi kontirakita wina wa ku Jenda, yemwe amafuna woyeza dothi. Amamanga chidikiro cha amayi oyembekezera pa kachipatala kena kuseri kwa Embangweni, m'mbali mwa dambo.

Chida changa chinali chitsulo chachitali chosongoka kunsi, chokhala ndi nyundo yolemera yotsetsereka. Umakweza nyundoyo, n'kuisiya igwe, kenako umaŵerenga pa rula kuti chitsulo chaloŵa bwanji. Chikamaloŵa pang'onopang'ono, pansipo ndi polimba. Chikangoti tibu, maziko ayenera kupita pansi kwambiri. Bwana anandilembera malo asanu ndi limodzi. "Uyeze ponse," anatero. "Dera lino limagwedezeka nthaŵi zina."

Ndinayeza malo asanu. Unali mwezi wa Okutobala, dzuŵa lili phwee, manja atatuluka matuza, ndipo lole yobwerera ku Jenda inali italiza kale hutala kaŵiri. Panatsala ngodya ya kumunsi, pamene panamera nsatsi zobiriŵira. Mayi wina wochokera ku mjigo, NyaMoyo, anaima ndi ndowa pamutu.

"Adada, apo muyesepo chomene. Panali dzenje loumbira njerwa, tinangokwirira ndi zinyalala."

Ndinayankha kuti, "Yewo, amama." Atangopotoloka, ndinakopera manambala a malo achisanu pa mzere wachisanu ndi chimodzi, n'kukwera lole. Sindinaiŵale ayi. Unali ulesi basi.

Kapitawo wa amisiri anali a Nyirenda, bambo wa m'mudzi momwemo, amene anamanga theka la nyumba za njerwa m'deralo. Akukumba maziko anandiitana. Anatapa dothi lakuda la pa ngodyayo, n'kulifinya m'manja.

"Achimwene, dothi ili silikundisangalatsa. Tikumbeko mpaka tipeze lofiira."

Apa ndiye pamene pamandiŵaŵa mpaka lero. Ndikanavomera, bodza langa likanaonekera. Ndinatulutsa pepala lija n'kuwafunsa pamaso pa anyamata awo kuti, "Kodi inu ndi chitsulo, wodziŵa ndani?" Anangothira konkire monga mmene pepala limanenera. Paja amati ndadziŵa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ine yanga inali ndi khomo, koma ngodya imodzi inakhala pa zinyalala.

Mu Febuluwale, amayi atayamba kale kugona m'chidikiromo, mvula inagwa sabata yathunthu. M'maŵa wina, tikumalizitsa thanki ya madzi, pansi pananjenjemera. Sichinali chivomezi chachikulu, malata anangolira pang'ono, agalu n'kuuwa. Koma dothi lokwirira likakhuta madzi silifuna zambiri. Ngodya ija inatitimira, ndipo khoma linang'ambika kuchokera pa windo mpaka pansi, mng'alu woti dzanja n'kuloŵa. Amayi asanu ndi aŵiri anatuluka akukuwa, wina atagwira mimba ndi manja onse. Palibe anavulala, koma anabwerera kukagona pa khonde la chipatala.

Masana bwana anafika, komiti ya chipatala itasonkhana. Anayang'ana pepala langa, n'kuyang'ana mng'alu.

"Dothi ndi labwino, pepala ndi ili. Ndiye kuti simenti inaloŵera kwina. A Nyirenda, mwagulitsa matumba angati?"

A Nyirenda anangotembenuka n'kundiyang'ana ine. NyaMoyo analiponso, nayenso amayang'ana ine. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinkaopa kubwerera ku Dedza chimanjamanja, ndipo mantha amenewo ndinawaika patsogolo pa dzina la munthu. Tsiku lomwelo a Nyirenda anatola zida zawo zomangira, chipande ndi levulo, n'kumapita.

Patapita zaka zitatu ndinawapeza pa Jenda akugulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Dzina loti wakuba simenti linawamata, ndipo palibe amene amawapatsanso ngakhale chimbudzi choti amange. Ndinawauza zonse. Anamvetsera uku akusanja tomato wawo.

"Zimenezo ine ndikuzidziŵa kale, achimwene. Mukundiuziranji ine? Mbwenu pitani mukauze anthu a kwathu."

Lero ndimayang'anira achinyamata oyeza dothi. Amandinena kuti ndine wovuta, chifukwa sindisaina nambala imene sindinaone ikukhomedwa, ndipo tisanayambe ntchito ndimayamba ndafunsa amayi a pa mjigo kuti pamalopo panali chiyani kale. Mmisiri akafinya dothi n'kupukusa mutu, pepala ndimaliika m'thumba, timakumba.

Zonsezo ndi zabwino, koma si zimene a Nyirenda anandipempha. Pa Jenda ndimadutsapo pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo galimoto zopita ku Embangweni zimaima pomwepo, makondakitala akuitanira. Sindinakwerebe.