Chingwe Chimene Adayezera Bambo Jailosi

M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, bambo anga a Jailosi ankasolola chimanga chimodzi m'nkhokwe n'kupita nacho kumalire kwa munda, kumene thengo limayambira kukwera phiri. Ankachiika pamwala, n'kuomba m'manja kawiri chapansipansi ngati munthu wofika pakhomo pa eni ake, n'kubwerako osacheuka. Chimangacho chinali cha anyani.

Anthu ankawaseka. Anzawo onse ankaswera m'minda kupirikitsa anyani ndi miyala, iwo n'kumawapatsa chakudya. Che Ramadani, Myao wa ku Chonde amene ankayenda m'midzi kugulitsa mchere ndi nsalu, sankadutsa pakhomo pathu osawaputa.

"Achimwene, alamu anu afisula kale? Mawa muwaphikireko kalongonda, nyemba za kwanu zija, si akwanu?"

"Afisula," bambo ankayankha. "Akuti moni kwa amalume awo a ku Chonde."

Onse awiri ankaseka, koma ine ndinkaona kuti kuseka kwa bambo kunkathera m'mano. Ndine Enifa, mwana wawo wotsiriza, ndipo chiyambi cha chimangacho ndikuchidziwa.

Bambo adabadwira kutsidya kwa malire, kufupi ndi phiri la Namuli. Adaoloka mtsinje wa Muloza pothawa ntchito ya Apwitikizi ine ndili kumsana kwa amayi. Adapatsidwa malo pa esiteti ina kunsi kwa phiri la Chambe, n'kumagwira thangata, poyamba m'khofi, kenako m'tiyi. Adalowa kalasi ya ubatizo, adabatizidwa, ndipo ine adanditumiza kusukulu ya mishoni mpaka ndidadziwa kuwerenga ndi kulemba. Anali munthu wa mawu ochepa, wa dzanja labwino pa mpeni. Mbuzi akaisenda iwo, chikopa chinkatuluka chopanda bowo.

Dzanja limenelo ndi limene lidawatengera kwa mzungu wina wothandiza pa esiteti, amene tonse tinkamutcha Bwana Mabokosi. Mzunguyu sankasamala kwenikweni za tiyi. Ankatola mbalame, njoka, agulugufe ndi nyama, n'kumazitumiza kwawo m'mabokosi a mkungudza. Iye ankaombera, n'kuyeza nyamayo ndi chingwe chachikasu chokhala ndi manambala, n'kulemba m'buku. Bambo ankasenda, kuthira mchere pachikopa, ndi kuwiritsa mafupa mumgolo mpaka ayere.

Tsiku lina m'chaka cha 1911 adasenda nyani wamkazi amene anali kuyamwitsa. Mkaka udawatayikira pampeni. Mafupa atayera, bwana adayala a dzanja la nyaniyo pathebulo, n'kuika lake pambali, n'kukoka la bambo kuliikanso pompo. Chinyanja chake chinali chothyokathyoka koma chinkamveka.

"Ona, Jailosi. Kalekale kwambiri, agogo a iwe, agogo a ine, agogo a uyu, amodzi."

"Nanga Mulungu, bwana?"

"Kaya. Mwina nthawi yokha, yaitali kwambiri."

Mawa lake ndi pamene chimanga choyamba chidapita pamwala.

Nkhaniyi bambo adakhala nayo miyezi, kufikira Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi. Aphunzitsi a Chester, amene ankatiphunzitsa sukulu ndi kutsogolera mapemphero, adakhala pakhonde pathu, ndipo Che Ramadani adatula katundu wawo kuti apumuleko. Ine ndinali kuseri kwa chitseko ndikusankha nyemba, ndili ndi pakati.

Che Ramadani atamva adagwira m'mimba ndi kuseka. "Ngati bwanayo akuti agogo ake ndi anyani, ife titsutsirenji? Mtundu wake akuudziwa yekha. Simudaone ubweya uli m'mikono mwakemo? Ine agogo anga ndi Adamu, woumbidwa ndi dothi. Apa ndiye ine ndi aphunzitsi tikudyera mbale imodzi."

Aphunzitsi sadaseke. "Bambo Jailosi, mayi mmodzi amaumba mtsuko ndi mphika ndi dothi limodzi, zala zake n'kuoneka pa zonse ziwiri. Kodi mtsuko ndiye udabereka mphika? Zikufanana chifukwa woumba ndi mmodzi."

"Mwanena bwino, aphunzitsi," bambo adatero. "Koma inu mudawerenga m'buku, ine ndidawerenga ndi mpeni. Mphika sulira. Nyani uja adagwira pabala n'kuyang'ana magazi m'dzanja lake, kenako n'kuyang'ana ine. Zikhadabo ngati zanga. Mizere ya m'dzanja ngati yanga. Ndili mwana adandiuza kuti Muluku, Mulungu wa makolo athu, adatitulutsa ku Namuli. Ndidasiya zimenezo nditamva za Adamu. Lero mzungu wina akuti si Adamu. Azungu okhaokha sakumvana, ine ndigwire chiti?"

"Gwirani Mawu."

"Ndagwira. Koma tandiuzani. Lipenga likadzalira, adzaitana amene ali m'manda. Nanga amene mafupa ake ali m'bokosi kutsidya kwa nyanja, osakanikirana ndi a nyama, adzamuitana dzina liti?"

Aphunzitsi adati Mulungu adziwa fupa lililonse pamene lili. Bambo adavomera ndi mutu, koma m'mawa mwake chimanga chidapitabe pamwala.

Mwana wanga Janeti adabadwa mvula ikutha, chaka chotsatira. Ali ndi mwezi umodzi, Bwana Mabokosi adatulukira pakhomo pathu masana, buku m'khwapa. Tinali titamva kale kuti wayamba kufuna kuyeza anthu, ndipo amuna a m'tiyi ankathawira m'mizere akamuona. Ine ndinali pamphasa, mwana ali pamiyendo. Mzunguyo adagwada, n'kuika zala zake ziwiri m'timanja ta mwana. Janeti adafumbata. Iye adakweza pang'onopang'ono, mwana n'kunyamuka pamiyendo panga, lendee, atagwira yekha.

"Waona, Jailosi? Ngati ana a anyani m'mitengo aja!" Ankasekerera ngati watola chinthu chamtengo wapatali.

Ine ndimachita manyazi ngakhale kupereka moni kwa alendo. Ndidangotambasula manja pansi pa mwana. Atamubweza, mzunguyo adapisa m'thumba n'kutulutsa chingwe chachikasu chija.

Kwathu kuno munthu wamoyo sayezedwa. Amayezedwa wakufa, pamene adzukulu adula bango lolingana ndi msinkhu wake kuti akakumbire manda. Ndipo chingwe chimenecho tonse tinkachidziwa. Chilichonse chimene chidakhudzidwa nacho chidathera m'bokosi.

Bambo adaima pakati pa ine ndi mzunguyo.

"Bwana, kamwanako n'kakang'ono, sikadzaza buku. Yezani ine."

Adawayeza kuchokera pamutu mpaka kuchidendene. Adawayeza mkono, adazunguliza chingwe m'mutu. Amayi adathawira kuseri kwa nyumba atagwira pakamwa. Bambo adangoima njo, maso ali kuphiri, thukuta likutsika m'khosi. Bwana adalemba zonse, adathokoza, adawapatsa fodya, n'kumapita akuimba mluzu.

Kuzizira kwa chiperoni kutafika, bambo adayamba kutsokomola. Sabata yomweyo ocheka matabwa adatsika ku Chambe ndi matabwa aatali, ndipo kalipentala wa pa esiteti adakhoma bokosi lalitali kuposa onse akale. Bambo adaliona ndi maso awo. Adabwera kunyumba, adagona pamphasa, ndipo kuntchito sadapitenso.

"Msinkhu wanga uli kwa mzungu," ankatero. "Kufa sindikuopa. Koma mukakandiika, adzandifukula. Adzandiwiritsa mumgolo womwe uja. Ndani adziwa bwino kuposa ine mmene zimachitikira?"

Phala ankangolilawa. Anthu adayamba kulambalala nyumba yathu ngati muli kale maliro. Che Ramadani adabwera, adakhala nthawi yaitali osanena nthabwala ngakhale imodzi, n'kusiya kamchere pakhomo. Aphunzitsi ankabwera kudzapemphera, koma kwa mzungu sadapite. Sindiwaimba mlandu. Malo tikukhalawa ndi a esiteti, ndipo wolankhula kwambiri amagwetseredwa nyumba. Amuna anga a Bonface anali ku ntchito ya mtengatenga, ku Blantyre. Chimanga cha pamwala ndinkakaika ndine, chifukwa bambo ankafunsa m'mawa uliwonse.

Tsiku limene adakana ngakhale madzi, ndidasiya Janeti kwa amayi n'kuyamba njira ya kunyumba ya bwana. Kawiri konse ndidabwerera panjira. Kachitatu ndidafika.

Pakhonde pake panali thabwa lalitali, ndipo pathabwapo adandandalika zibade, kuyambira kakang'ono ka changa, ka pusi, ka nchima, mpaka chachikulu cha nyani. Kumapeto kwa thabwa kunali malo opanda kanthu. Ndidayang'ana malowo. Bokosi lija linali pomwepo, lotseka.

Ndidagwada. Mawu adatuluka aang'ono ngati a mwana.

"Ndadzapempha chingwe."

"Chingwe? Cha chiyani?"

"Chimene mudayezera bambo. Ndi pepala lomwe. Akufa, bwana. Akuti bokosilo ndi lawo."

Sadamvetse. Ndidamufotokozera za bango la adzukulu, maso anga ali pansi. Nditadzutsa mutu, nkhope yake inali itafiira mpaka m'makutu. Adatsegula bokosi lija. Munali zikopa zokulungakulunga ndi masamba ouma opanidwa m'mapepala.

"Ine sindifuna mutu wa Jailosi," adatero. "Ndimafuna manambala basi."

Ngati ankanena zoona sindidziwa. Malo aja kumapeto kwa thabwa sindidawafunse. Koma adang'amba tsamba m'buku lake, adakulunga chingwe, n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndidathamanga njira yonse.

Bambo adachigwira chingwecho n'kuchiyang'ana mbali zonse. "Werenga," adatero. Ndidawerenga dzina lawo ndi manambala onse. Pepalalo litayang'ana kudzuwa la pakhomo, adaona kuti kuseri kulinso zolemba.

"Nanga uko?"

Ndidafuna kunama. Chizungu sindichidziwa, koma bwana ankalembanso maina achinyanja pambali. "Alemba kuti nyani, bambo. Wamkazi. Chaka chatha."

Adatseka maso. Ndidaopa kuti ndawapha ndi pakamwa panga. Koma adapumira m'mwamba n'kuika pepalalo pachifuwa.

"Ndi yemwe uja. Nayenso wabwerako. Musaling'ambe pakati. Adzukulu asadule bango, ayezere chingwe chomwechi, akatha achiponye m'dzenje pamodzi ndi pepalali. Lipenga likalira, Mwini wake adzasankha yekha woti amuitane."

Madzulo ake adamwa phala. Adakhala masiku ena anayi asanamwalire, ndipo sadatchulenso bokosi. Ali kumanda a Akhristu, pakati pa anthu, ndipo tidachita zonse monga adanenera. Pamwamba tidaunjikapo miyala ikuluikulu imene Che Ramadani adathandiza kusenza. Ndimakaona sabata iliyonse. Palibe mwala wasuntha.

Tsiku lomaliza la moyo wawo aphunzitsi adawafunsa ngati akukhulupirira kuti Mulungu ndiye adawalenga.

"Ndikukhulupirira, aphunzitsi. Kaya adayambira pati, ndikamufunsa ndekha."

Kenako adandikodola. Janeti anali m'manja mwanga, ndipo atamuika chala m'dzanja, mwana adafumbata zolimba. Bambo sadachotse chalacho.

"Enifa, mwana wanga. Chimanga chija usaleke. Chimodzi chokha patsiku. Ndipo uziomba m'manja."