Ndinamusiya Fatsani Ali Moyo

Tinkadya nzimbe m'bogi pamene sitima inaima mwadzidzidzi pakati pa tchire. Tinali asilikali otumidwa ku Mozambique kukalondera njanji. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Mfuti zinalira mbali zonse. Ndinalumpha. Fatsani, mnzanga wa ku Ntcheu, analumpha pambuyo panga, koma chipolopolo chinamupeza m'chiuno. Ndinamukokera pansi pa mtengo wa mango. Anandigwira lamba, osafuna kutaya. Ndinamasula lambayo n'kuthawa, buluku nditaligwira ndi dzanja.

Ndinayenda masiku awiri, kumwa madzi a m'zithaphwi. Tsiku lachitatu ndinapeza mayi akuyanika chinangwa, wailesi ikulengeza za maliro m'chinenero chathu. Ndinadziwa kuti ndafika kwathu.

Amayi ake a Fatsani ndinawauza kuti mwana wawo anafa nthawi yomweyo, osamva ululu. Anandithokoza, nandipatsa nkhuku. Mowa ndinauyamba sabata yomweyo, ndipo unanditsatira zaka zonsezi mpaka kuno ku Bradford, kutsidya kwa nyanja.

Kuno tili asanu ndi mmodzi m'nyumba imodzi, tonse asilikali akale amene tikulimbana ndi kusiya mowa. Wolowa ndi botolo amatuluka ndi chikwama chake. Lachitatu lililonse m'mawa timakhala patebulo, mmodzi n'kufotokoza zimene zimamusowetsa mtendere. Kwa miyezi isanu ine ndinkadzitanganitsa ndi ketulo. Ndinkachita mantha. Anzangawa mawu akuti msilikali sasiya mnzake amawanena ngati pemphero, ndipo ndinkaona kuti akamva zanga sadzadyanso nane.

Tsiku lina Terry, mkulu wadazi amene anamenya nkhondo ku Iraq, anandilanda ketuloyo.

"Mnzanga, tiyi wako sakoma," anatero m'Chingerezi chake chothamanga. "Khala pansi. Osalankhula tawaona, amabwerera ku botolo."

Ndinanena zonse, ndi za lamba zomwe. Palibe anadzuka pampando. Terry anangofunsa dzina la mnyamatayo.

Ndinalitchula. Ndinali nditalifuula kambirimbiri m'mabala, koma ndili wosaledzera kameneka kanali koyamba. Ndinalira, ndipo sindichita manyazi kulemba zimenezi.

Pano ndatha chaka osalawa dontho, ndipo tikudyerabe patebulo limodzi. Amayi ake a mnzanga uja anamwalira akukhulupirira bodza langa. Mpaka lero sindidziwa kuti Fatsani anandidikira maola angati.