Nkhunda za Bambo ndi Mphaka wa Mayi

Bambo anga ankachidziwa chimene chinkawatseka m'chifuwa, ndipo panalibe wowatsutsa: anali mphaka wa mayi. Akayamba kubanika, maso ali psuu, ankamuloza mphakayo ndi mlomo. Mayi ankangoti mphaka wawo amagwira makoswe, nanga nkhunda za bambo zimagwira chiyani? Nkhundazo zinali m'khola lam'mwamba kuseri kwa nyumba yathu ku Chiromo, ndipo bambo ankasesamo okha m'mawa uliwonse, fumbi la zitosi lili koboo. Anafe sitinkaloledwa ngakhale kuziwazira mapira.

Chaka chimene mphumu inawagwetsa kudimba mpaka kubwera nawo pa njinga, ndinawauza kuti ku Blantyre kuli dokotala woyeza zinthu zimene thupi la munthu limadana nazo. Anavomera msanga. Sikuti anachita mantha ayi, ankangofuna pepala loti adzawaonetse mayi.

Dokotalayo anali mayi wachitsikana. Atafunsa za ziweto zonse zapakhomo, anawalemba timizere pamkono ndi bolopeni, n'kudontheza mankhwala oyezera chiweto chilichonse pa kamzere kakekake, kenako n'kumabaya pang'ono pamene wadonthezapo. Bambo ndi mkulu wa mpingo, ndipo moyo wawo wonse akhala akudzudzula anthu otemera mphini. Ndinawanong'oneza kuti lero atemera. Anandiyankha, osandiyang'ana n'komwe, kuti izi n'zachipatala. Anauzidwa kudikira kwa mphindi khumi ndi zisanu osakanda, ndipo anakhalira dzanja linalo kuti lingawachimwitse.

Pa dontho la mphaka khungu linangoti see. Pa dontho la nthenga za nkhunda panatupa ngati awaluma mavu. Bambo anafunsa mwaulemu ngati timabotoloto sitinasokonekere, dokotala anati ayi. Anafotokoza kuti pa zinthu zina pali jakisoni wozoloweretsa thupi pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, koma wa nkhunda analibe. Chofunika chinali kutalikirana nazo, apo ayi tsiku lina njinga sidzafika nawo kuchipatala.

"Mayi, zaka makumi atatu ndakhala ndikulizoloweretsa ndekha thupili," anatero bambo motsitsa mawu. "Likanakhala lozolowera, bwenzi litazolowera."

Titafika kunyumba, pepala lija silinatuluke m'thumba la jekete. Mayi anga anangoyang'ana mkonowo, n'kuyang'ana ine, n'kuti, "Takhuta," monga amathokozera m'Chisena chakwawo, kenako anamuthirira mphaka msuzi wa mlamba pamaso pa tonse.

Sabata yotsatira bambo anaika nkhunda zonse m'madengu awiri, n'kuzitumiza pa bwato kwa mng'ono wawo ku Makhanga. Masiku amenewo bambo ankadya pang'ono. Tsiku lachinayi titadzuka tinapeza nkhunda zili mbwee padenga, zikulira ngati sizinachokepo.

Mayi ndi amene anaweruza mlanduwo. Anauza alongo anga kuti asamutsire khola kumapeto kwa bwalo, pansi pa mtengo wa masawu, ndipo anati kuyambira tsiku limenelo osesamo ndi iwo eni. Mpaka lero amasesa atamanga kansalu pamphuno, akung'ung'udza m'Chisena kuti anakwatiwa ndi munthu mmodzi, osati ndi mbalame. Bambo analetsedwa kufika pamtengowo, ndipo chifuwa chinayamba kuwapatsa mpata.

Koma nkhunda sizinauzidwe za dokotala. Bambo akangokhala pakhonde madzulo, zimatsika n'kuyamba kuzungulira pamapazi pawo monga kale. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinaseka, chifukwa mphaka uja anali atadzipinda pamiyendo pawo, iwo osamuchotsa. Kenako bambo anavula chipewa n'kuyamba kuzikupiza kuti zichoke. Ina yoyera sinkamva, inkangobwerera.

"Pita kwa amayi ako," anaiuza.

Kuseka kunandithera pomwepo, ndipo ndinawamvera chisoni bambo anga. Anaikupizabe mpaka inauluka, n'kuitsata ndi maso kukafika pamasawu paja, chipewa chili m'manja.