Tsamba la Ngamila

Fungo la buku lakale limandikumbutsabe ubwana wanga. Dzulo mdzukulu wanga anabwera nalo lina, ndipo nditangolinunkhiza ndinaona njira ya ku Cassacatiza, kumalire ndi Zambia.

Bambo anali aphunzitsi ku Mualadzi. A padiri anawapatsa buku lachipwitikizi la munthu amene anayenda maiko akutali, ndipo Lamulungu lililonse ankatimasulira za ngamila, za misika ya mchere, za mitsinje yosaoneka tsidya. Nkhondo itafika tinanyamuka kuthawira ku Zambia. Bambo anavala sanza n'kudzipaka dothi m'manja, poti aphunzitsi ankaphedwa. Ine ndinakondwa kuti nafenso tayamba ulendo, ndipo ndinabisa bukulo mumtolo mwanga kuti lizitilondolera njira.

Pakhwawa lina tinakumana ndi anthu amfuti. Mmodzi anamasula mtolo wanga, buku lija n'kugwa pansi.

"Amawerenga ndani pano?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinyadire bambo, koma mayi ananditsina paphewa.

"Palibe, bambo," anatero mayi. "Tinachita kutola. Amuna angawa amapichirira fodya."

"Apichire tione."

Bambo, amene sanasutepo chibadwire, anang'amba m'bukumo tsamba la nkhani ya ngamila. Munthuyo anawapatsa fodya ndi moto, maso ali pa zala zawo. Bambo anakoka utsi, misozi ikulengeza, koma sanatsokomole. Munthu uja anatilola kupita, buku n'kutsala nalo.

Ndinalira njira yonse, nditawakwiyira bambo. Lero ndikudziwa chimene bambo ankalikondera buku lija: munthu wa m'bukumo ankayenda mwa kufuna kwake, ndipo pamapeto pake anabwerera kwawo. Bambo tinawaika ku Zambia komweko.