Datsun ya Mayi a Chiko

Edda Kapalamula sanabadwe wokonda magalimoto. Kwawo n'ku Ntcheu, unamwino anakaphunzirira ku Lilongwe, ndipo atafika ku Perth anapeza ntchito panyumba ina yosamalirako okalamba, kufupi ndi ku Armadale komwe ankakhala ndi amuna ake a Lenard ndi mwana wawo wamkazi Chiko. Za galimoto ankangodziwa kuthira petulo ndi kuponda buleki. Choncho tsiku limene a Lenard anabwera ndi pikapu yakale itakwezedwa pa lole, chakumapeto kwa chaka cha 2019, Edda anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo a Chiko, chimenechi n'chiyani?"

"Datsun imeneyi, mayi. Mwaziiwala? Zinkachita matola pa Kampepuza zija."

"Zija zinkayenda," anatero Edda.

Pikapuyo inali itagona zaka zambiri m'shedi pafamu ina ya tirigu. Penti inali itasuluka, dzimbiri litadya kunsi kwa zitseko, ndipo makoswe anali atabereka ana ndi adzukulu m'mpando. Koma a Lenard, amene ankayendetsa chigalimoto chonyamulira katundu m'nyumba yosungiramo malonda, ankaiyang'ana ngati mkwatibwi. Loweruka lililonse ankamasula kachitsulo aka ndi ako, mabawuti n'kumaponya m'zitini za majarini, uku akuimba mluzu.

Mu Malichi chaka chotsatira, bambo awo a Lenard anamwalira ku Mponela. Ananyamuka mothamanga ndi kachikwama kamodzi, ati akangoika maliro n'kukonza za pakhomo abwerera. Ali komweko mliri wa korona unakula, dziko la Australia linatseka malire, ndipo poti viza yawo inali yongoyembekezera, yodalira ntchito ya Edda, njira yobwerera inatsekeka. Poyamba ankati ndi za mwezi umodzi. Mwezi unatha, unzake n'kutha, Datsun ili pakapinga wa kumaso kwa nyumba, udzu ukumera kuzungulira matayala.

Kenaka kunabwera mayi woyendera nyumba za lendi. Anayamikira ukhondo wa m'nyumba, koma potuluka analoza pikapuyo n'kunena mwaulemu kuti galimoto yopanda nambala singakhale pakapinga. Ilowe m'garaja, apo ayi ichoke. Edda anaona kuti nkhani yaphweka. Anailengeza malonda, ndipo kunafika bambo wina amene anaizungulira, kumenya tayala ndi phazi, n'kunena kuti iye akufunapo zitseko ndi injini basi, zotsalazo akazitaya kwa ogula zitsulo.

Edda anawaimbira amuna ake n'kuwafotokozera. Pafoni pankamveka tambala wa ku Mponela.

"Gulitsani basi," anatero a Lenard. "Mavuto akuchulukirani kale."

Mawuwo anatuluka ofooka, ngati a munthu amene wataya zambiri m'chaka chimodzi moti chinanso chikapita sangadabwe. Edda sanawazolowere otero amuna ake.

"Ayi, sindigulitsa," anatero. "Mungondiuza mmene ndingailowetsere m'garaja."

Vuto linali loti garajayo inali pakamtunda. Iye ndi Chiko, amene anali kusekondale, anayesa kukankha, pikapu inangogwedezeka n'kubwerera pamalo pake. Panalibe kuchitira mwina, inafunika ilire n'kukwera yokha.

Sukulu ya umakaniko inayambira pamenepo. Edda akaweruka shifiti ya m'mawa, ku Mponela kumakhala kutangocha kumene. A Lenard ankakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba ya mayi awo, poti ndi pokhapo pamene netiweki inkagwira, Edda n'kutsamiritsa foni pa batire, kamera italoza mu injini.

"Mukuona chakuda icho, chili ndi zingwe?"

"Zonse muno n'zakuda, bambo."

"Chozungulira, kumanja kwanu. Ayi, kumanja kwinako."

Nthawi zina chithunzi chinkauma a Lenard atayasama, chala chili m'mwamba, Edda n'kumadikira ndi sipanala m'manja osadziwa ngati amasule kapena amange. Nthawi zina kunkathima magetsi foni yawo n'kutha moto. Masiku oterowo Edda anayamba kudzifufuzira yekha, kuonera mavidiyo a anthu okonza magalimoto akale, kuimitsa, kubwereza, kukayesa. Anasintha mapulagi. Anakhetsa petulo wakale wonunkha ngati vanishi. Anamasula kabuleta, n'kuyala tizitsulo take pathireyi monga ankayalira zipangizo za kuchipatala, chilichonse pamalo pake, n'kutsuka kamodzikamodzi. Anadabwa kuona kuti manja ake akuidziwa ntchito yotere. Kunali kudekha komwe kuja kotsukira bala.

Loweruka lina m'nyengo yozizira anakhala pampando wodyedwa ndi makoswe uja n'kupotokola kiyi. Injini inatsokomola n'kusiya. Anapopa mafuta, kupotokolanso. Inatsokomola, kunjenjemera, kenaka inabangula, utsi wakuda uli tolotolo mpaka kwa aneba. Chiko anatuluka m'nyumba akukuwa m'Chingerezi chake cha ku Perth, ndipo pafoni a Lenard ankavina pachulu, anthu opita kumsika ataima kuwaonerera. Edda analowetsa giya, pikapu inakwera kamtunda kaja monyinyirika n'kulowa m'garaja.

Ntchito yomwe anauzidwa inathera pomwepo. Koma mawa lake atabwera kutchalitchi, kumene anthu ankakhala motalikirana, anapezeka kuti wavala ovolosi ya amuna ake, wapinda miyendo ndi mikono, waima m'garaja akuyang'ana dzimbiri la kunsi kwa zitseko.

Masiku amenewo kuntchito kunali kolemetsa. Ku Perth matendawo sanafale ngati kwina, koma mantha analipo. Ogwira ntchito ankayezedwa kutentha kwa thupi pakhomo, ndipo nthawi zina abale a okalamba aja ankaletsedwa kulowa, moti agogo ena ankangokhala pawindo kudikira anthu osabwera. Edda ankaweruka mtima uli thii. Akalowa m'garaja n'kugwira sandipepa, maganizo ankatsika pang'onopang'ono. Chitsulo sichifunsa kuti malire atsegulidwa liti. Ukachipala chimayera, basi.

Kuwotcherera kokha n'kumene kunamukanika. Anapempha a Ignasio, bambo wa kutchalitchi kwawo amene ankawotcherera mapaipi kumafakitale a ku Kwinana. A Ignasio anabwera ndi makina awo, anagwada, n'kubaya pansi pa galimoto ndi sikuludiraiva. Inangolowa ngati m'papaya wakupsa.

"Alamu, apa munthu akhoza kumaponda msewu galimoto ikuyenda," anatero akuseka. "Ndikuwotchererani mbali imodzi. Inayo muwotcherera nokha ine ndikuyang'ana."

"Ine? Ndipsa nazo."

"Mupsa pang'ono. Tonse tinapsa."

Anapsadi pang'ono pamkono, ndipo mzere wake woyamba unatuluka wokhotakhota ngati njira ya chiswe. A Ignasio anamuuza augaye ayambirenso. Pofika mwezi wotentha wa Januwale, pamene m'garaja munkakhala ngati mu uvuni mpaka kamphepo ka kunyanja kayambe madzulo, mizere ya Edda inali itawongoka moti a Ignasio anaijambula n'kukaonetsa anzawo kuntchito.

Apa m'pamene maganizo a Edda ndi a amuna ake anayamba kusiyana. A Lenard ankafuna matayala akuluakulu onyezimira ndi masipika kuseri kwa mpando. Edda anali atawerenga kuti mabuleki akale a galimoto zoterezi sagwira msanga, ndipo iye ankaganiza za msewu waukulu wa Albany ndi malole ake.

"Ndayamba ndi mabuleki," anawauza. "Kutsogolo ndaika amakono. Ndapezanso giyabokosi ya magiya asanu kwa munthu wina ku Girrawheen, kuti isamalire ngati chigayo tikamathamanga."

"Mwaika kale?"

"Ndaika kale."

"Nanga ine mumandifunsiranji?"

"Ulemu, bambo."

A Lenard anaseka mpaka kutsokomola. Pa nkhani ya penti ndiye anakanganadi. Iwo ankafuna yoyera, monga inalili potuluka kufakitale. Edda anati galimoto zoyera zadzaza kale mu Perth, aliyense wa kumigodi ali nayo. Anasankha yobiriwira ngati tsamba la mpiru. A Lenard anakhala masiku angapo akuyankha mauthenga ndi mawu amodziamodzi, kenaka anatumiza uthenga wofunsa ngati mkati mwa bodi mupakidwenso mtundu womwewo.

Kuntchito kunali gogo wina dzina lake Nora, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, amene sankayankhulayankhula. Tsiku lina Edda akumuthandiza kuvala, gogoyo anamugwira dzanja n'kuliyang'anitsitsa. M'mphepete mwa chala munali kachipsera ka moto wa kuwotcherera.

"Ichi si cha kukhitchini," anatero Nora.

Edda anatulutsa foni n'kumuonetsa zithunzi. Nkhope ya gogoyo inasintha. Anati iye ndi malemu mwamuna wake anali ndi pikapu yonga yomweyo kufamu yawo ya nkhosa, ndipo ndi iye amene ankaiyendetsa, agalu ali kumbuyo, mwana ali pamiyendo. Anafotokoza mmene ankaikokera choko cha injini kuti ilire m'mawa kukazizira, ndi mmene inawatitimirira m'matope chaka china cha mvula yambiri. Kuyambira tsikulo, Edda akangolowa m'chipinda, funso loyamba linkakhala la galimoto. Kodi magetsi akumbuyo ayaka? Kodi mpando wasokedwa? Anamwino ena ankadabwa kumva Nora akuseka.

Kuti pikapu ipatsidwe nambala inafunika kukayezedwa. Ulendo woyamba inalephera. Woyezayo analowa kunsi ndi tochi, n'kutuluka akunena kuti oyilo akudontha kumbuyo kwa injini ndipo chiwongolero chili ndi mpata. Anali kunena zoona, Edda anadzionera yekha. Anabwerera kunyumba atakhumudwa, anatseka garaja, ndipo kwa milungu ingapo sanaiyandikire. Inalinso nthawi imene anthu anauzidwa kukhala m'nyumba kwa masiku ochepa chifukwa matenda anapezeka mumzinda, ndipo chiyembekezo choti a Lenard abwera chaka chimenecho chinazilala. Anali Chiko amene anamudzutsa. Anabwera ndi tiyi, n'kuyankhula Chichewa chake chopotoka chija, chomwe amachisungira nkhani zofunika.

"Amami, mukakhala m'nyumba mumavuta. Pitani kugaraja."

Edda anapita. Anatsitsa giyabokosi yomwe anavutika nayo kukweza, anasintha kalabala kotchinga oyilo, anamanga chiwongolero. Ulendo wachiwiri woyeza uja anatuluka kunsi akupukuta manja, n'kufunsa kuti wawotcherera pansipa ndani. Edda anati mbali iyi a Ignasio, mbali iyo ineyo. Bamboyo anagwedeza mutu n'kupita kukatenga zomuyenereza kulandira nambala.

Mawa lake Edda sanakwere basi popita kuntchito. Anaimika Datsun pafupi ndi khomo, ndipo atapempha chilolezo kwa akuluakulu, anamutulutsa Nora panjinga ya olumala, onse atavala mamasiki. Gogoyo anasisita bodi ndi chikhatho, n'kupempha kuti amukweze. Anamwino awiri anathandizana kumukhazika pampando wa dalaivala. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, n'kuyang'ana kutsogolo nthawi yaitali ngakhale kutsogoloko kunali mpanda chabe.

"Liza," anatero.

Edda anapotokola kiyi. Nora anatseka maso kumvetsera, kenaka anati yawo ija inkalira mokweza kuposa apa, koma iyinso si yoipa.

Malire a chigawo chawo anatsegulidwa mu Malichi 2022, ndipo a Lenard anatera pabwalo la ndege patatha milungu ingapo, ataonda pang'ono, imvi zitayamba m'ndevu. Poti pikapu ili ndi malo a anthu awiri okha, Chiko anatsala kunyumba akukonza chakudya. Atatha kukumbatirana ndi kupukuta misozi, Edda anawatsogolera koimika magalimoto. A Lenard anaika chikwama pansi. Anaizungulira, anagwada kusuzumira kunsi, anatsegula boneti n'kuyang'anitsitsa injini.

"Mtunduwu ndiye mwauona bwanji?" anafunsa Edda.

"Pafoni umaoneka woipa," anatero a Lenard. "Koma apa, ayi ndithu."

Anatambasula dzanja kuti alandire kiyi. Edda anawakumbutsa kuti laisensi yawo inatha ali pachulu ku Mponela, ndipo anawatsegulira chitseko cha kumanzere. Anakwera akuseka. Mumsewu waukulu, Edda atalowetsa giya yachisanu injini n'kutsitsa mawu, a Lenard anatsegula windo, anatulutsa chigongono, n'kuyamba kufotokoza za kumudzi: mayi awo akupeza bwino, denga la nyumba analikonza, mbuzi zaswana, ndipo alamu ake onse a Edda akupereka moni kwa makaniko.

Masiku ano Loweruka m'mawa mukadutsa pakhomo pawo mupeza garaja ili yotsegula. A Lenard anapeza masipika awo aja, ang'onoang'ono, ndipo Edda anawalola kuwaika kuseri kwa mpando. Amalawi a ku Armadale akafuna kusamutsa firiji kapena kukatenga mbaula yowotchera nyama ya kuphwando la tchalitchi, amaimbira mayi a Chiko. Iye amapita, koma katundu asanakwere amayamba wayala bulangete lakale m'bodi kuti penti isakalike.