Tsiku lomwe tinaika goloboyi wathu

Ndinadzidzimuka kusanache, ndili pampando womwewo umene ndinagwerapo tulo panja pa siwa. Moto wa abambo unali utatsala makala okha. M'nyumba amayi ankaimbabe ndi mawu osasa, ndipo pakati pawo ndinkamva mlongo wanga akuitana mwana wake Levisoni. Ine sindinalire. Monga atsibweni ake, wonena mbiri ya malemu ndinali ine, ndipo mawu anga ndinali nditawanola usiku wonse.

Kunacha ndi nkhungu ya mu Juni. Adzukulu ananyamula makasu kupita kumanda, amayi n'kuyala mafuwa kuseri kwa nkhokwe. Anthu anayamba kutsika m'mapiri, ena panjinga kuchokera ku Kasakula, kumene mwanayu anayambira kutchuka.

Levisoni mkono anaupeza pogenda anyani m'munda mwa chimanga. Kusukulu anamuika pagolo, ndipo mpira akauponya ndi dzanja unkakagwa kupitirira pakati pa bwalo. Kuchoka ku Kasakula anakagwira pagolo la timu ya pa esiteti ina ya fodya ku Dowa. Mwini esitetiyo anamutengera ku Lilongwe, kutimu yake ya achinyamata, atalonjeza kuti chaka chikamatha adzakhala akutchulidwa pawailesi. Kumeneko anamuponda pamimba polimbirana mpira. Anakodza magazi masiku anayi. Bwanayo anamupatsa mapilitsi n'kumuuza kuti Loweruka asewere basi, poti kukubwera akuluakulu odzasankha osewera. Levisoni anagwa m'bwalo chigawo choyamba chisanathe, ndipo m'mawa mwake anamukweza minibasi yekhayekha kuti akadwalire kwawo.

Dzuwa litakwera, galimoto yoyera inaima pamsewu. Anali bwana uja, atanyamula nkhata yaikulu ngati lichero, pambuyo pake pali anyamata a chipani, pakuti tsopano ankafuna uphungu wa dera lathu. Anamupatsa mpando wa ndalema. Ndinamuyang'ana akupukuta maso ouma ndi mpango, mtima wanga n'kuwira.

Mkulu wa mpingo anandikokera pambali. "Atsibweni, pamaliro sitizenga milandu. Mungoti anadwala m'mimba." Ndinangogwedeza mutu. Kale, nthawi ya chipani chimodzi, ndikanamvera, pakuti tinkameza mawu kuopa kusowa. Koma tinali titavotera zipani zambiri, ndipo pakamwa panga panalibenso loko.

Ataitana akubanja, ndinaimirira. Ndinanena za anyani, za sukulu, za Kasakula, anthu n'kumang'ung'udza movomereza. Kenako ndinatchula masiku anayi aja, limodzilimodzi. Ndinatchula mapilitsi, Loweruka ndi minibasi. Dzina sindinatchule, ndinangoti, "Amene anamuuza kuti asewere ali pano, ndipo atibweretsera maluwa." Khamu lonse linatembenukira kumpando wa ndalema. Ndinafuna kuti manyaziwo amudye mpaka m'mafupa, ndipo ndikuvomera kuti ndinamva kukoma.

Tinanyamuka kupita kumanda mvula yowaza itayamba. Anzake a Levisoni ankalandizana bokosi paphewa, njira ili poterera. Atakwirira, woitana nkhata anatchula mayi, abale, ampingo, anzake a mpira, n'kupinda pepala lake. Bwanayo anatsala chiimire ndi nkhata m'manja. Palibe anamulankhula. Posamba m'manja pamphambano, anthu anamusiyira beseni lakelake. Galimoto inachoka chakudya chisanagawidwe, ndipo amayi ena anailavulira malovu.

Madzulo anthu anabalalika. Panatsala phulusa, mphasa zonyowa ndi miphika yobwereka. Ndinalowa m'nyumba ndikudziona ngati ndagwira ntchito, n'kupeza mlongo wanga atatsamira khoma, atameta kale mpala. Ndinamuuza kuti munthu uja sadzapondanso kuno, ndipo voti ya m'mapiri muno aiiwale.

Iye anati, "Mwalankhula bwino, achimwene. Koma mwadumpha pamodzi. Tsiku limene bwanayo anadzapempha kuti amutenge mwanayu, ine ndinakana. Munati mwini mbumba ndinu, n'kumulola."

Ndinatuluka kukatsekera mbuzi, ndipo ndinakhalitsa kukholako.