Chakufa Chibwerere Kwawo

Ndinakulira m'nyumba ya mgodi ku Kitwe, kumene bambo anga anali kalaliki, monga analili agogo anga amene anachokera ku Malawi. Masiku amenewo babu la magetsi likapsa sitinkalitaya. Tinkalikulunga m'pepala ndi kupita nalo ku ofesi ya komboni, ndipo kumeneko ankatipatsa latsopano. Wopita chimanjamanja ankabwerera chimanjamanja. Amayi ankalitchula lamulolo mwachidule: chakufa chibwerere kwawo.

Mgodi utagulitsidwa, bambo anachotsedwa ntchito, ofesi ija inatsekedwa, ndipo lole yotola zinyalala inaleka kubwera. Chimene chinatisunga ndi dimba la amayi kuseri kwa nyumba, m'mbali mwa ngalande. Repu ndi tomato wa m'dimbamo ndiye ankatigulira ufa, ndiyenso ankandisunga ine ku koleji ku Ndola.

Mnzawo wa bambo wa ku mgodi anamanga sitolo kumtunda kwa msewu wathu, nadzazamo zinthu zimene zilibe kwawo kobwerera: zakumwa za m'mabotolo apulasitiki, matewera ovala kamodzi, timatumba topyapyala tong'ambika munthu asanafike pakhomo. Anthu ankamwera pakhonde pomwepo, ndipo madzulo antchito ake ankasesera zonse m'ngalande.

Mvula yoyamba inagwa ndili pa tchuthi. Zinyalala zinatseka ngalande pafupi ndi mpanda wathu, madzi akuda nasefukira m'dimba. Kutacha tinapeza mizere ya kumunsi itamira, thewera litakoleka pa tomato.

"Anatitaya ife anthu," anatero bambo. "Angalephere kutaya botolo?" Atatero anabwerera m'nyumba.

Amayi anandiitana. Anandiuza kuti nditenge wilibala ndi fosholo. Tinavuula zinyalala zonse, ine n'kukankha chokwera msewu, iwo ali patsogolo, mpaka pakhomo pa sitolo. Pamenepo anandilamula kuti ndikhuthule.

Mwini sitolo anatuluka akupukuta m'manja. "Finshi ifi, ba mulamu?" anafunsa m'Chibemba, kutanthauza kuti zimenezi n'chiyani, alamu.

Kunja kwa mpanda wathu amayi ankalankhula Chibemba ngati wina aliyense, koma tsiku limenelo anayankha m'Chichewa chawo cha ku tchalitchi, mawu alionse ali m'malo mwake.

"Ndi katundu wanu, alamu. Anasochera kwathu, ndiye tamuperekeza."

"Ine ndinagulitsa kale. Chogulidwa ndi cha wogula. Kadandauleni ku khonsolo."

"Khonsolo sinagulitse thewera. Kodi inu ku mgodi ankakupatsani babu musanabweze lakufa?"

"Mgodi unapita, alamu. Dzukani." Anatola botolo limodzi pamuluwo, nalionetsa kwa anthu amene anali atayamba kusonkhana. "Nanga ili anamwa ndani? Wophunzira wanuyu ndi kasitomala wanga wa tsiku ndi tsiku."

Zinali zoona, ndipo anthu anandiyang'ana. Amayi sanatembenuke n'komwe.

"N'chifukwa chake akukankha wilibala. Iye wasenza mbali yake. Yatsalayi ndi yanu."

Anthu anaseka, iye natiopseza kuti aitana apolisi. Amayi anati akawaitana awadzeretse kudimba, atavala nsapato zawo zabwino.

Mwini sitolo sanagonje tsiku limenelo. Antchito ake anabwezera muluwo m'ngalande, ife n'kuubwezanso pakhomo pake. Mvula ikagwa, tinkakwera msewu. Amayi ena a m'munsi mwathu, amene madziwo ankawalowera m'makhitchini, anayamba kutitsata ndi mabeseni pamutu. Ogula atatopa ndi kulumpha matewera, tinaona mgolo waukulu utaima pakhonde pa sitolo, ndipo Loweruka galimoto ya mwini wake inkanyamula zinyalalazo kupita nazo kudzala la tauni. Kuyambira pamenepo iye ndi bambo sapatsananso moni.

Mizere ya kumunsi sinachire, koma ya kumtunda inapulumuka, ndipo ine ndinabwerera ku koleji. Kumeneko ndimamva anzanga ena akunena kuti anthu a m'komboni ndi auve mwachibadwa. Ndimakana, ndipo sindidzaleka kukana. Ife ndife anthu amene tinkakulunga babu lakufa m'pepala kuti lisasweke panjira.

Mpaka lero khasu la amayi limafukulabe timatumba ta chaka chija, tosaola ngakhale pang'ono. Amatikutumula dothi, n'kutiika mu wilibala.